Anali Akupumabe

Melbourne, 6 Malichi 1950

Azakhali Bronia,

Zelik Krumholc, mwana wa mlongo wanu, mchimwene wanga wa bere limodzi, wandikwirira ndili wamoyo. Ndayamba ndi dzina lake kuti musavutike kufunafuna wolakwa. Tsopano moni. Muli bwanji, ndi miyendo yanu ija? Ine ndili moyo, ngati kusoka zibowo za mabatani kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndiwo moyo.

Mukudziwa kuti ine ndi Henech, wophika buledi uja, tinagwirizana zomanga ukwati Pasaka akatha. Mukudziwanso kuti marabi, atsogoleri a chipembedzo chathu chachiyuda, samangitsa ukwati wa mkazi popanda umboni woti mwamuna wake woyamba anafadi. Umboni wa imfa ya mwamuna wanga Fiszel ndinali nawo, kalata ya Zelik ya 1947, momwe analemba kuti, "Fiszel anafa panjira, ndinali naye." Chaka chathunthu ndakhala ndikupondaponda kubwalo la marabi ndi kalata imeneyo. Sabata yatha anandiitana. Ndinavala chipewa chabwino, Henech anasasa ufa pajekete, tinkati tikukatenga pepala.

Patebulo la rabi wamkulu panali buku. Ndinalizindikira ndisanakhale pansi: buku la Zelik la zimene anaona m'makampu a Ajeremani, limene anthu akulilira paliponse. Ine ndinawerenga masamba khumi n'kuliponya kunsi kwa bedi. Zimene ndinaziona ndi maso anga sindikufuna wina andiwerengere. Koma rabi analiwerenga lonse, wakhama ameneyo.

"Mayi Rozmaryn, wolembayu ndi mlongo wanu?"

"Inde, koma sindinasankhe ndine."

Anatsegula tsamba 212 n'kuwerenga: "Fiszel anakhala pansi m'chipale, natsamira mpanda wa munda. Anali akupumabe. Ine ndinapitirira ndi mzere, sindinacheuke."

"Tsono?" ndinatero. "Aliyense wokhala pansi pa ulendo umenewo, asilikali akusamutsa akaidi wapansi, ankaomberedwa. Funsani yense amene anauyenda."

"Ambiri, mwana wanga, osati onse. Ku Sydney kuli munthu amene anasiyidwa choncho, lero akugulitsa nsapato. Mboni iyenera kuona mtembo. Wopuma si wakufa."

Ndinati, "Ndiye ndidikire zaka zingati, a Rabi? Munthu ndinakhala naye miyezi isanu mu geto, momwe Ajeremani anatitsekera Ayuda, m'chipinda cha anthu khumi ndi anayi, wandimanga kale zaka zisanu ndi ziwiri." Henech anandiponda phazi kuti nditseke pakamwa.

Akuti njira ndi imodzi yokha: Zelik akaime pabwalo la marabi konko ku Paris, akanene zimene anaona. Apo ayi ndine aguna, mkazi womangidwa, wopanda mwamuna koma wosakhala wamasiye. Musandiuze za ukwati wa kuboma. Henech sangalole, ndipo ana athu angadzatchedwe a m'chigololo mpaka kwa zidzukulu.

Zelik anakhala zaka zisanu ndi chimodzi pasukulu ya Malamulo a chipembedzo asanasiye Mulungu. Ankadziwa bwino lomwe chimene mawu awiri amenewo adzandichite. Pitani mukamuone, azakhali, mundiuze chimene anene. Ndikamulembera ine lero, pepala lipsa.

Mwana wanu,
Tauba


Paris, 24 Malichi 1950

Taubele mwana wanga,

Moni. Miyendo ilipo, ikungodandaula ngati mwiniwake. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachiwiri nditamwa mankhwala a mtima. Pakamwa pako ndi pa agogo ako penipeni.

Lamulungu ndinakwera masitepe ake onse aja nditanyamula msuzi wa nkhuku. Ndinamupeza akudula zikopa za zikwama, ndudu ili pakamwa.

"Zelik, wamuchita chiyani mlongo wako?"

"Ndalemba buku, azakhali. Ena anachita zoposa pamenepa."

Ndinamufotokozera zonse. "Ndiye ukaime pabwalo."

"Pamaso pa ndani? Akuluakulu atatu a ndevu, akapitawo a Bwana amene anathawa ntchito? Ayambe ndi Mulungu kuima pabwalo, anene kumene anali pamene ankaponya amayi m'sitima ya ng'ombe. Ine ndibwera pambuyo pake."

Ndinalavula katatu kuthamangitsa tsoka. Ndinati, "Si za Mulungu izi, ndi za Tauba. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Wophika buledi sadikira mpaka buledi achite nkhungu."

Pamenepo anazimitsa ndudu. "Wophika buledi uti? Ine sindinkadziwa kuti akufuna kukwatiwa. Kalata yanga anapita nayo kwa marabi osandiuza?"

Zoona zimenezo, Tauba? Ine ndinkayesa unamuuza kalekale. Pa banja la anthu makumi atatu ndi mmodzi mwatsala awiri, ndiye nkhani zanu muzimverana m'mabuku ndi kwa marabi?

Za kubwalo Zelik sanalonjeze kanthu. Msuzi unagwirana mafuta asanaulawe. Waonda, kolala yamusiya. Mulembere wekha, koma uyambe waika mpeni pansi. Undiuzenso, Henech ameneyu mano ali nawo? Pachithunzi watseka pakamwa kwambiri.

Azakhali ako,
Bronia


Melbourne, 11 Epulo 1950

Achimwene Zelik,

Moni. Ndamva kuti mwaonda. Idyani, kutchuka sikukhutitsa.

Inde, sindinakuuzeni za Henech. Mukanandiseka, kuti Tauba amene ankabisa mabuku achipolishi kunsi kwa pilo akukwatiwa ndi munthu wopemphera katatu patsiku. Musaganize kuti ndinabwerera kwa Mulungu. Ine ndi Iye sitilankhulana kuyambira tsiku limene anandimeta mpala pageti la kampu. Koma Henech anataya mkazi ndi ana awiri, ndipo kapemphero kakeko ndi kamene kamamudzutsa m'mawa. Sindingamulande. Ndi munthu yekhayo amene ndikakhala chete sandifunsa chimene ndikuganiza.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Mukaime mphindi khumi. Mukanene kuti mutayenda pang'ono munamva mfuti, munacheuka, munamuona atagwa. Mukati polemba buku munaiwala. Ngati kumwamba kulibe aliyense, monga mwalengezera dziko lonse pa masamba mazana atatu, mukuopa kunamiza ndani? Marabiwo si anthu oipa, akungofuna wina awatsegulire kakhomo kuti andidutsitse. Fiszel anafa. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, ngakhale rabi akudziwa.

Ndimakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina ku Carlton. Zenera lake linayang'ana khoma la njerwa. Ndinawoloka nyanja zonse zija kudzayang'ana khoma. Kufakitale Ayuda anzathu amandiyang'ana ngati wodwala matenda osatchulidwa, amuna amandipatsa moni chapatali. Nditulutsenimo, achimwene. Sindinakupempheni kanthu chitulukire m'kampu.

Yankhani pa ndege.

Mlongo wanu,
Tauba


Paris, 2 Meyi 1950

Tauba mlongo wanga,

Moni. Ndikudya, azakhali amakokomeza.

Sindikanakuseka. Munthu amene akutha kupemphera atataya ana ndimamuchitira nsanje.

Ukufunsa kuti ndikuopa kunamiza ndani. Sindikuopa. Ajeremani ndinawanamiza zaka zanga, ntchito yanga, thanzi langa, ndipo ndili moyo chifukwa cha mabodza. Koma malamulo amenewa ndinawaphunzira, iwe sunawaphunzire. Mboni imene yasindikiza kuti sinacheuke singabwere mawa n'kunena kuti inacheuka. Adzandifunsa kuti ndinali patali bwanji, anagwera mbali iti, nkhope ndinaiona bwanji, ndinadziwa bwanji kuti mpweya watha. Adzandigwira tiyi wawo asanazizire, ndipo kuyambira pamenepo mawu anga onse adzakhala opanda ntchito. Iwe udzamangidwa kotheratu.

Ndiye bodza lako silingagwire. Chimene chingagwire ndikuchidziwa, koma usandifunse tsopano. Anthu akuti m'buku muja ndanena zonse. Amandigwira chanza pamsewu, amati ndine wolimba mtima. Ndipatse nthawi.

Undiyankhe chinthu chimodzi. Fiszel unamukonda? Iye ankakutchula tsiku lililonse, mpaka anzathu ankamunyoza kuti, "Rozmaryn, mkazi wakoyo tam'dziwa, tiuzeko za nyama yootcha." Ndikufuna ndidziwe.

Zelik


Melbourne, 19 Juni 1950

Zelik,

Moni anatha, sindipereka.

Ndakulembera kawiri mu Meyi, zii. "Ndipatse nthawi." Nthawi ukugawayo ndi ya ndani? Dzulo Gitla, mlongo wake wa Henech, anabwera kufakitale nthawi ya nkhomaliro, pamaso pa atsikana onse.

"Tauba, usandide. Mchimwene wanga wakwanitsa zaka makumi anayi, akufuna mwana. Pasitima ya mwezi watha patsika mtsikana wa ku Radom, wabwino, alibe chomumanga. Chaka Chatsopano chathu chikafika mu Sepitembala iwe ulibe pepala, um'masule."

Ndinati, "Mwamuyeza kale pasikelo, mayi, ngati thumba la ufa?" Atsikana anaseka. Ine ndinakalirira kuchimbudzi, madzi ndatsegula. Nanga Henech? Lachisanu amangondibweretsera buledi wa Sabata, maso ali pansi, ngati wabwera kudzapepesa maliro.

Unandifunsa ngati ndinamukonda Fiszel. Zikukukhudza chiyani? Anandikwatira kuti dzina langa lilowe pakhadi lake la ntchito, Ajeremani asanditenge. Ankandithirira theka la msuzi wake n'kumanama kuti wakhuta. Chikondi sindikudziwa, tinalibe malo ochiikapo. Ndikudziwa kuti iye anandipulumutsa. Iwe unamusiya pampanda akupuma, kenako mpweya wakewo unakaupereka kwa osindikiza mabuku kuti anthu azikugwira chanza. Lero ukundiphunzitsa malamulo a Mulungu amene umamutukwana. Si chilungamo chimenecho, ndi matama.

Pa awiri inu, amene anayenera kutsala pampanda paja ndikumudziwa.

Tauba


Paris, 5 Julayi 1950

Tauba,

Moni, ngakhale sukuyenera. Wachita chiyani mwana iwe?

Zelik anapita kubwalo pa 8 Juni, iwe usanalembe n'komwe poizoni wakoyo. Anabwera kwanga m'mawa kudzabwereka chipewa cha malemu amuna anga, poti kwa marabi salowa mutu uli pamtunda, ndipo iye chofunda kumutu alibe. Chinamulowa mpaka m'makutu, ndinaseka, iye sanaseke. Ndinamuperekeza. Pakhomo anati, "Azakhali, inu mutsale panja." Ndinakhala pabenchi maola awiri. Atatuluka, rabi wina wokalamba anamutsatira, akufuna kumugwira paphewa. Zelik anachotsa dzanjalo. "Musandidalitse. Ingolembani."

Patatha masiku awiri anamupatsa pepala la bwalo lomata ndi chidindo, ndipo analitumiza pa sitima yapamadzi pamodzi ndi kalata yake. Ndinati, "Wapenga? Ndege zilipo, mwana akudikira!" Akuti, "Mulekeni akhale ndi mchimwene masabata asanu ndi limodzi ena." Anandiletsa kukuuza. Sindinamvetse, ndipo mpaka pano sindikumvetsa. Ndinamvera, ndine chitsiru chokalamba.

Kenako kalata yako yafika pa ndege, ikuthamanga monga zoipa zimachitira. Anandipatsa kuti ndiwerenge. Akuti, "Ali ndi mutu mwana ameneyu, buku akanalemba ndi iyeyo." Anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya. Chiyambire sakutsegula chitseko. Ndimasiya mbale pakhomo, amphaka a m'nyumba imeneyo anenepa.

Sitima ifika kumapeto kwa mwezi uno. Umuuze Gitla ameneyo abweze mtsikana wake m'sitolo. Ndipo iwe undilembere, undiuze chimene chili m'pepalamo, chifukwa kuno palibe akundiuza kanthu.

Azakhali ako,
Bronia


Paris, 10 Juni 1950
(Inafika ku Melbourne pa 31 Julayi)

Tauba,

Moni. Envulopu ya chidindo ukapereke kwa rabi osatsegula. Adzakuwerengera. Ndikufuna uyambe wamva kwa ine.

Tsamba 212 ndi bodza. Fiszel sanakhale pansi pampanda uliwonse. Tsiku lachisanu ndi chimodzi la ulendo, mzere ukukhota pamudzi wina, tinathawa anthu asanu: ine, iye ndi ena atatu. Tinalowa mu nkhuti ya mbatatesi kuseri kwa khola, tinadzifunditsa udzu. Dzuwa lili paliwombo anabwera asilikali kudzasaka. Tinkamva nsapato zawo pamwamba pa mitu yathu. Fiszel anali ndi chifuwa cha miyezi iwiri. Chinamubwerera pomwepo. Analuma mkono wa malaya, sizinathandize. Anandiyang'ana. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja, ndi mphuno yomwe, ndikumunong'oneza kuti pirira pang'ono, akupita. Asilikali anaima pomwepo n'kuyatsa ndudu. Ndudu imatha mphindi zingati, Tauba? Zaka zisanu ndakhala ndikusuta ndikuwerenga. Atachoka ndinachotsa dzanja.

Ndinaika khutu pachifuwa pake mpaka dzuwa linapendeka. Anazizira ndili naye. Ndinamutseka maso, tinamufotsera udzu ndi dothi. Mmodzi wa atatu aja anayamba pemphero la akufa, ndinamuletsa. Tsiku limenelo ndi limene ndinasiya Mulungu, osati kukampu monga ndinalembera. Kukampu ndinkati Mulungu wabisala, adzatuluka. Mu nkhuti ndinapempha kanthu kakang'ono, kuti munthu mmodzi asatsokomole mphindi zisanu.

Atatu aja palibe anafika kumapeto kwa nkhondo. Ndinatsala ndekha wodziwa.

M'buku ndinasankha kukhala wamantha, chifukwa wamantha anthu amamukhululukira. Za iwe sindinaganize. Choyambacho ndinachichita m'dzenje. Ichi ndinachichita nditakhuta, nditakhala pampando, cholembera chili m'manja.

Lamulo limati munthu akanena kuti, "Ndinamupha ndine," amakhulupiriridwa kuti mkaziyo amasuke. Ndinaliphunzira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, tinkatsutsana nalo ngati masewera. Marabi alemba. Ndiwe mfulu. Linali tsiku la 24 Januwale 1945.

Kwatiwa naye wophika buledi wakoyo.

Zelik


Melbourne, 7 Ogasiti 1950

Achimwene,

Moni. Azakhali akuti simukutsegula chitseko. Tsegulani, nkhalamba ija idzafera pamasitepe anu.

Pepala lagwira. Rabi ankawerenga motsitsa mawu, ine ndinati, "Kwezani, a Rabi, ndikudziwa kale." Henech anagwira tebulo ndi manja onse awiri. Ukwati uli pa 29 Ogasiti. Gitla wandipsompsona masaya onse, ndapukuta.

Ndinafunsa rabi ngati ndikhale pansi masiku asanu ndi awiri a maliro. Akuti ayi, uthenga wa imfa ukafika patapita masiku makumi atatu, wofedwa amalira ola limodzi lokha. Ola limodzi. Ndinabwerera kuchipinda kwanga, ndinabwereka wotchi kwa mayi a nyumba, ndinavula nsapato n'kukhala pansi. Poyamba ndinalira Fiszel. Kenako ndinangopeza dzanja langa lili pakamwa panga ndi pamphuno, ndikufuna kudziwa kuti zimatenga nthawi yotani. Sindinakwanitse ngakhale mphindi imodzi. Nthawi yotsalayo sindikudziwa amene ndinkalira. Ola litakwana ndinavala nsapato, ndinapita kukasoka zibowo.

Zimene ndinalemba mu Juni zinafika, sindingaziitanenso. Ndimaziona ndikatseka maso. Za mu nkhuti woweruza si ine. Sindinalimo, ndipo ndili nazo zanga zimene sizidzalowa m'buku la munthu. Koma inu munkadziwa, achimwene. Munandilembera mzere umodzi, "anafa panjira," wopanda tsiku, wopanda malo, ndipo ndikafunsa munkasintha nkhani. Mumtima sindinaukhulupirire. Sitima iliyonse ya othawa ikafika ndinkapita kudoko kukayang'ana nkhope za otsika, ndikuopa kumupeza, ndikudzida chifukwa choopa. Ndinkachokera kudoko kupita kwa marabi kukanena kuti ndine wamasiye. Zimenezo sindinakhululuke, ndipo musadikire kuti zibwera ndi positi yotsatira.

Buku musalikonze, likhale monga lilili. Azakhali ndawalembera kuti pepala langonena tsiku. Odziwa ndi marabi asanu ndi mmodzi, wophika buledi mmodzi, inu ndi ine. Takwana.

Muzindilembera mwezi ndi mwezi, za mvula, za zikwama, za chimene mwadya, ndipo ndidzayankha, chifukwa wina wondilembera wa magazi anga ndilibe. Koma za Fiszel, za nkhuti, za dzanja lanu, ndathera pano. Sindidzazitchulanso, kwa inu, kwa Henech, kapena kwa mwana aliyense amene ndingadzabereke.

Mlongo wanu,
Tauba